Kodi bango lingayeretse suweji yolowa mu Marimba?

Funso lachokera kwa bambo ena a ku Mufakose mu Harare, ku Zimbabwe, mkulu wa mpingo amenenso amalima dimba kufupi ndi mtsinje wa Marimba. Alemba kuti: "Kumunsi kwa nyumba zathu kuli manhole, dzenje la pa paipi ya suweji, amene amasefukira mwezi ndi mwezi, ndipo zonyansa zimatsata ngalande mpaka kukalowa mumtsinje. Mwana wanga akuti kumaiko ena amadzala bango m'madambo ochita kukumba, madzi a suweji n'kutuluka oyera, nsomba n'kubwereranso. Kodi n'zoona? Ngati n'zoona, ife a mumpingo tingakumbe lathu pamenepa? Tilinso ndi malo kunja kwa tauni kumene tikumanga sukulu ya mkaka, ndipo kulibe mapaipi a khonsolo."

Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo mwana wanuyo mumuuze kuti sananame. Dambo lochita kukumba limayeretsadi madzi, ndipo ntchito imeneyi ndaigwirapo ndi manja angawa. Koma mwandifunsa za malo awiri, ndipo mayankho ake ndi osiyana. Kusukulu kuja ndikuti kumbani, ndikuuzani kakumbidwe kake. Pa manhole paja ndikuti musayerekeze.

Ambiri amaganiza kuti bango limamwa zonyansa ngati mmene chimanga chimamwera feteleza. Limamwako ndithu, koma pang'ono chabe. Ogwira ntchito enieni ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timamatirira pa mizu ndi pa miyala. Uterezi umene mumaumva mukagwira mwala wa mumtsinje ndi mudzi wawo umenewo. Madzi akamayenda mwapang'onopang'ono pakati pa mizu, zolemera zimakhazikika pansi, tizidutswa timakodwa, ndipo mabakiteriya amadya zowola. Ntchito ya bango ndi kuwapatsa pokhala, kuchedwetsa madzi ndi kuwatsitsira mpweya. Mukathyola phesi la bango muona kuti m'kati ndi mwamphako, ndipo la njedza lili ndi timibowo tambirimbiri. Mpweya umadzera mmenemo kutsikira kumizu n'kumatuluka pang'onopang'ono m'matope. Choncho pafupi ndi muzu pamakhala okosijeni, pamene pataliko pang'ono palibe, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene kumagwira ntchito. Amoniya wochokera mumkodzo, amene amapha nsomba, mabakiteriya a pafupi ndi muzu amamusandutsa nayitireti. Kenako anzawo okhala kopanda mpweya amasandutsa nayitiretiyo kukhala mpweya wa nayitrojeni umene umangouluka. Tizilombo ta matenda otsegula m'mimba timachepa chifukwa cha kukodwa, kudyedwa ndi tizilombo tina, kupsa ndi dzuwa, komanso kungotha masiku tili kunja kwa mimba ya munthu. Zonsezi zimafuna masiku. Madzi akangodutsa mothamanga amatuluka mmene analowera.

Agogo anga aakazi, amene anachokera ku Dedza n'kudzakhazikika ku Mbare, ankanena kuti kwawo chitsime chokoma madzi chinali cha kumunsi kwa dambo, chimene sichinkauma ngakhale mu Okutobala. Za mabakiteriya sankazidziwa, koma zimene ankaona zinali zoona. Akatswiri anangodzazilemba pambuyo pake. Mayi wina wa ku Germany, Käthe Seidel, anayamba kuyesa zomera za m'madambo pa madzi oipa m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1974 dambo loyeretsera suweji linayamba kugwira ntchito ku Othfresen m'dziko lomwelo. Lero ku France kuli midzi masauzande angapo imene suweji yake imayeretsedwa ndi bango, mchenga ndi miyala.

Nanga bwanji ndikukaniza pa manhole? Chifukwa chimene chikutuluka pamenepo ndi suweji yaiwisi ya nyumba mazanamazana, yosakhazikika ngakhale ola limodzi, yodzaza ndi mchenga, nsanza, mafuta ndi matewera. Dambo limene mungakumbe ndi makasu silingafike ngakhale pa gawo laling'ono la kukula kofunika. Pakatha milungu yochepa miyala idzatsekeka ndi matope, madzi adzayamba kuyenda pamwamba, ndipo mudzakhala mwapanga dziwe la manyi pakati pa nyumba za anthu, pamene ana amasewera mpira. Ndiponso malowo ndi otsika, ndiye mvula ya Januwale ikagwa, zonse zimene zaunjikana miyezi yambiri zidzakokoloka tsiku limodzi kulowa mu Marimba. Inu a ku Mufakose simufunika kukumbutsidwa za kolera ya 2008 ndi 2009, imene inadwalitsa anthu pafupifupi 100,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro, oyandikana nanu, anali pakati pa madera amene anavutika kwambiri. Inabweranso mu 2018 ku Glen View ndi ku Budiriro komweko. Suweji yaiwisi siyenera kusungidwa pafupi ndi anthu ngakhale tsiku limodzi.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa. Mukakumba dambo pamenepo, oyenera kukonza paipi adzaona ngati vuto latha. Manhole amene amasefukira malo amodzimodzi mwezi uliwonse akukuuzani kuti kutsogolo kwake paipi inaphwanyika, inatitimira, inalowedwa mizu, kapena inachepa poyerekeza ndi anthu amene akuigwiritsa ntchito tsopano. Kutokosa ndi ndodo kumangotsegula kwa masiku. Mphamvu za mpingo zipite pamenepa: lembani tsiku lililonse limene wasefukira ndi masiku amene watha asanatsegulidwe, jambulani zithunzi, perekani kalata ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu ndi kwa khansala, ina ipite ku EMA, bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe, ndipo pempho likhale loti chigawo chimenecho cha paipi chisinthidwe. Kalata yosainidwa ndi mabanja 50 imalemera kuposa foni ya munthu mmodzi. Nafenso tili ndi mbali yathu. Mchenga umene timakwechera mapoto pasinki umakakhazikika m'mapaipi omwewo, ndipo ukasakanikirana ndi mafuta umalimba ngati simenti. Nkhani imeneyi ikambidwe ku chigwirizano cha amayi ndi ku misonkhano ya abambo yomwe.

Tsopano kusukulu. Choyamba funsani ngati kudzakhala madzi a m'paipi tsiku lililonse. Ngati madzi adzakhala otunga pamjigo ndi ndowa, musamange zimbudzi zogejemula. Mangani zimbudzi za Blair, zokumba zokhala ndi paipi yotulutsa fungo, zimene zinapangidwa muno mu Harare m'zaka za m'ma 1970 ndi Peter Morgan ndi anzake, ndipo dambo likhale laling'ono lolandira madzi osamba m'manja ndi otsukira mbale basi. Ngati madzi alipo okwanira, ndiye mverani.

Dambo silibwera poyamba. Poyamba ndi thanki ya sepitiki ya zipinda ziwiri, yokula moti madzi azikhalamo masiku awiri kapena atatu, zolemera zikhazikike, mafuta ayandame. Madzi a kukhitchini adutse kaye m'kabokosi kogwira mafuta. Dambo lizilandira madzi a pakati okhaokha, otuwa aja.

Mtundu wa dambo woyenera pasukulu ndi umene madzi amayenda pansi pa miyala, osaoneka. Ulipo wina wa madzi oonekera ngati dziwe, ndipo ndi wabwino kwa mbalame ndi achule, koma pamalo a ana aang'ono ayi. Tiyerekeze kuti muli ndi ana 60 ndi akuluakulu 5, aliyense n'kumagwiritsa ntchito malita 25 patsiku. Amenewo ndi malita opitirira pang'ono 1,600. Miyala ikadzaza dzenje, malo otsalira madzi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu okha, choncho kuti madzi akhale masiku asanu m'dzenje lozama masentimita 60, pafunika masikweya mita oposa 40. Ine ndingawirikize kawiri, pa zifukwa ziwiri. Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julaye kumazizira mpaka chisanu kuwauka, bango limauma masamba ndipo mabakiteriya amachita ulesi. Chachiwiri, sukulu ya mpingo sichedwa kukula. Kumbani maenje awiri oyandikana, lililonse mamita 5 m'lifupi ndi mamita 8 m'litali, kuti lina likamakonzedwa lina lizigwira ntchito. Pansi pake patsetsereke pang'ono, sentimita imodzi pa mita iliyonse.

Pansi ndi m'mbali muyale pulasitiki yokhuthala ija amayala m'madamu, kapena dongo lotsendera bwino lochindikala masentimita 30. Apa musaumire ndalama. Dzenje lodontha limatumiza suweji kumadzi a pansi pa nthaka, amene ndi omwewo anthu a kumeneko akumwa m'zitsime zawo. Ngakhale mutayala bwino, likhale mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo, ndiponso kumunsi kwake. Malo ake akhale ouma, osati m'dambo lachilengedwe, ndipo muzungulize kamzere ka dothi kuti madzi a mvula asalowemo.

Miyala ikhale yoswa, ya mamilimita 10 mpaka 20, ndipo itsukidwe isanathiridwe. Polowera ndi potulukira muike ikuluikulu ngati chibakera. Paipi yolowetsa madzi iyale m'lifupi monse, yobooledwa mabowo ambiri, kuti madzi asalowere pamodzimodzi. Potulukira muike paipi yopindika imene mungaikweze kapena kuitsitsa, ndipo muichune kuti madzi azikhala masentimita 5 mpaka 10 pansi pa miyala ya pamwamba. Kapaipi kameneka ndi kotchipa, koma ndi kamene kamaletsa fungo ndi udzudzu. Udzudzu umaikira mazira pa madzi oonekera. Tsiku limene mudzaone madzi pamwamba pa miyala, dziwani kuti china chalakwika.

Ndinaitanidwapo pasukulu ina kumene dambo linafa lisanathe zaka zitatu. Aphunzitsi ankati njira imeneyi ndi yabodza. Titakumba tinapeza kuti omanga anathira miyala ndi fumbi lake lomwe, ndipo thanki inali isanapopedwepo chiimangireni, moti matope ankangodutsa kukalowa m'miyala. Zinandiwawa, chifukwa makolo anasonkha ndalama movutikira. Walira mvula walira matope: chaka chilichonse wina aziviika ndodo m'thanki, ndipo matope akafika gawo limodzi mwa magawo atatu, muitane galimoto yopopa. Ndalama yake iikidwe pa bajeti ya sukulu kuyambira chaka choyamba.

Zomera musagule. Bango, limene anzathu Achishona amati tsanga, ndi njedza zili ponseponse m'mitsinje ya muno, ndipo zinazolowera kale chisanu chathu. Gumbwa amachita bwino kumalo otentha, koma kuno amavutika m'nyengo yozizira. Dzalani zitsa zinayi pa sikweya mita iliyonse mvula ikangoyamba. Kumweta kamodzi pachaka n'kokwanira, ndipo zomwetazo zichotsedwe, zisawolere momwemo. Patchuthi cha Ogasiti, pamene ana kulibe, wina azithirira kuti mizu isaume. Namasupuni musamulowetse, ngakhale wina atakuuzani kuti amayeretsa msanga. Anachokera ku South America, ndipo mmene wavutitsira nyanja ya Chivero ndi mtsinje wa Shire kumudzi mukudziwa.

Madzi otuluka amaoneka oyera ndipo sanunkha, koma si akumwa, si osamba, ndipo si othirira ndiwo zodya zosaphika monga tomato ndi letesi. Apititseni ku nthochi, mapeyala ndi mango. Musanayambe kukumba, pulani ivomerezedwe ndi khonsolo ya kumeneko, ndipo mufunse ku EMA za chilolezo, poti malamulo a 2007 okhudza madzi oipa amafuna kuti wotaya madzi otere akhale ndi laisensi.

Mwafunsanso za nsomba, ndipo funso limeneli ndi limene landikhudza kwambiri.

Harare ndi mzinda wokhala kumtunda kwa chitsime chake chomwe. Damu la Chivero linamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, makilomita oposa 30 kumadzulo chakummwera kwa mzinda. Mukuvisi, amene amayambira ku Cleveland Dam, amatenga madzi a kumalo oyeretsera suweji a Firle. Marimba wanuyo amatenga a kumalo ena otere a Crowborough. Nyatsime amabweretsa a ku Chitungwiza. Onsewa amakathera mu Chivero, kenako madzi amapopedwa kupita ku Morton Jaffray, koyeretsera madzi akumwa, n'kubwerera m'mipope yathu. Firle inamangidwa kuti izilandira malita 144 miliyoni patsiku, Crowborough malita 54 miliyoni, pamene chigawo cha Harare chinali ndi anthu oposa 2.4 miliyoni pa kalembera wa 2022. Makina a m'malo amenewa amafuna magetsi usana ndi usiku. Nayitrojeni ndi fosiforasi zikadutsa osachotsedwa zimakhala feteleza wa ndere ndi namasupuni. Ndere zikafa zimawola, kuwolako kumamaliza okosijeni, nsomba n'kubanika. Zinafa zambiri mu 1996. Mu Disembala 2024 ndere zapoizoni zinapha zipembere zinayi, mbidzi ndi nyama zina zimene zinamwa madzi a m'nyanjamo, ndipo usodzi unaimitsidwa.

Kodi madambo angathandize pa mlingo umenewu? Angathandize, koma ngati omalizitsa, osati olowa m'malo mwa Firle ndi Crowborough. Ku Phoenix, m'chipululu cha Arizona, madzi otuluka m'malo aakulu oyeretsera suweji amadutsa kaye m'madambo ochita kupanga a Tres Rios asanalowe mu Salt River, ndipo m'mbali mwa mtsinje umene unali utauma mwabwerera mitengo, nsomba ndi mbalame. Ku Arcata ku California anachita zofanana m'zaka za m'ma 1980. Konseko madzi amafika kudambo atayeretsedwa kale. Mtengo wake waukulu ndi malo. Tatiyeni tiwerengere mwachidule: kusunga madzi a Firle masiku 7 m'dambo lozama masentimita 40 kukufuna mahekitala pafupifupi 250. Ndi malo ambiri, koma mzinda uno unachitapo zofanana. Nyanja ya Chivero itayamba kubiriwira m'zaka za m'ma 1960, khonsolo inayamba kupatutsa madzi oyeretsedwa kukathirira msipu wa ng'ombe m'mafamu ake monga Pension, Ingwe ndi Crowborough, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 madzi a m'nyanjamo anali atasintha. Ine ndimakhulupirira kuti gawo la minda imeneyi likanasungidwira madambo otere, nyumba zisanaimalize. Ubwino wake ndi woti magetsi akazima, bango silizima.

Ndisakunamizeni pa zinthu ziwiri. Fosiforasi sauluka ngati nayitrojeni. Amangomatirira ku dothi ndi miyala, ndipo pakapita zaka malo omatirira amatha, choncho ayenera kuchotsedwa ndithu kumakina, ndipo amene anaunjikana kale m'matope a pansi pa Chivero adzapitiriza kudyetsa ndere kwa zaka zambiri. Chachiwiri ndi madzi a m'mafakitale a ku Workington, Southerton, Graniteside ndi Willowvale. Zitsulo zapoizoni siziwola. Dambo limangozisunga m'matope ake, ndiye ziyenera kugwidwa pafakitale pomwepo.

Pamene ndimapsa mtima ndi apa. Tikukamba zokumba madambo ndi ndalama, pamene Mulungu anatipatsa kale ambiri, amene anzathu amati matoro, ndipo tikuwakwirira ndi zinyalala ndi njerwa. Dambo la Monavale, limene madzi ake amatsikira mu Marimba, ndi limodzi mwa malo asanu ndi awiri amene Zimbabwe inalembetsa pansi pa pangano la Ramsar, la maiko ambiri loteteza madambo, mu 2013, pamodzi ndi Cleveland Dam ndi Chivero yemwe, ndipo msonkhano waukulu wa panganoli unachitikira ku Victoria Falls mu Julaye 2025. Monavale ikadalipo chifukwa anthu okhala kumeneko anaikakamira kwa zaka zambiri. Dambo lotere limamwa mvula ngati siponji n'kumaitulutsa pang'onopang'ono chilimwe chonse, ndipo madzi oyera amenewo ndi amene amasungunula zoipa mumtsinje. Likamangidwa nyumba, mtsinje umasefukira mu Januwale, ndipo mu Seputembala umayenda ndi suweji yokhayokha. Dambo lokumba silingabwezeretse zimenezi.

Apa nkhani yafika padimba lanu, Bambo, ndipo ndilankhula mwaulemu chifukwa ndikudziwa kuti limadyetsa banja. Lamulo limaletsa kulima mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje popanda chilolezo. Pambali pa lamulo, mzere wa bango ndi udzu wa m'mphepetemo ndi dambo loyeretsera limene simunalipire kanthu. Umagwira dothi ndi feteleza wochokera m'minda, umaphimba madzi kuti asatenthe, ndipo mizu yake ndi mobisalamo tiana ta nsomba. Ngati inu ndi anzanu olima moyandikana mungagwirizane kubwerera m'mbuyo, kudzalanso bango pamene linazulidwa, ndi kuleka kutentha m'chilimwe, mudzakhala mwachitira Marimba zoposa zimene dzenje la pa manhole likanachita. Ndiwo zanu musathirire ndi madzi a m'ngalande ija, ngakhale zimabiriwira nawo bwanji.

Zamoyo zimabwerera motsatana. Pamadzi oipitsitsa mumapeza tinyongolotsi tofiira m'matope akuda, mwina ndi mlamba, chifukwa iye amatha kupuma mpweya wa pamwamba. Kupezeka kwa mlamba sikutanthauza kuti mtsinje wachira. Madzi akayamba kusintha mudzaona mbululu ndi atombolombo, kenako nkhanu pansi pa miyala, kenako timatemba m'malo osaya. Nantchengwa ndi akakowa amatsatira chakudya chimenecho, ndipo katumbu amabwera pomalizira. Pa kachigawo kanu kokha musayembekezere zonsezi, poti mtsinje umabwera ndi katundu wochokera kumtunda, koma atombolombo ndi achule sachedwa pakangopezeka bango ndi madzi odekha.

Za kusukulu, musanagule thumba la simenti, ikani mita ya madzi kapena werengani migolo imene ikutha patsiku kwa milungu iwiri, ndipo mukumbe dzenje loyesera lozama mita imodzi ndi theka pamalo amene mwasankha. Mukaliona mu Febuluwale. Ngati mwadzaza madzi ochokera pansi, malowo ndi dambo kale, sunthirani kumtunda. Ngati ndi louma, kumbani maenje anu m'chilimwe, miyala ilowe pofika Okutobala, bango lidzalidwe ndi mvula yoyamba ya Novembala.